Foda yogawana ya VirtualBox ikakana kutseguka: momwe mungapezere pomwe pavuta

Kuti fayilo iyende kuchoka pa Windows kulowa mu Ubuntu kudzera pa foda yogawana ya VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yongoyerekezera mkati mwa kompyuta yanu, zinthu zinayi ziyenera kugwirizana. Fodayo ikhalepo ndipo iziwerengeka pa kompyuta yeniyeni, imene VirtualBox imaitcha host. VirtualBox idziwe dzina la fodayo ndi pomwe ili. Mkati mwa kompyuta yongoyerekezera, imene imatchedwa guest, mukhale dalaiva yotchedwa vboxsf. Chomaliza, munthu amene walowa mu guest akhale ndi chilolezo chotsegula fodayo. Ambiri amafufuta Ubuntu yonse n'kuikanso pamene chavuta n'chimodzi chokha mwa zinayizi, ndipo kawirikawiri chimakhala chachitatu kapena chachinayi. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti chaduka n'chiti musanayambe kusintha zinthu.

M'zitsanzo zonse apa host ndi Windows 10 kapena 11 yokhala ndi VirtualBox 7, guest ndi Ubuntu 22.04 kapena 24.04 yomwe mu VirtualBox yalembedwa dzina loti Ubuntu, ndipo foda ndi D:\ntchito yomwe yapatsidwa dzina logawana loti ntchito. Pomwe pali mayina amenewa ikani anu.

Yambani ndi kufunsa guest zomwe ikuona

Tsegulani Terminal mu Ubuntu n'kulemba malamulo atatu awa, limodzi limodzi:

sudo VBoxControl sharedfolder list
findmnt -t vboxsf
id

Loyamba limaonetsa mafoda omwe VirtualBox yapereka kwa guest. Likayankha kuti "command not found", ndiye kuti Guest Additions, phukusi la VirtualBox loikidwa mkati mwa guest, mulibe, ndipo palibe chifukwa chopitirira ndi zina musanaiike. Likagwira koma dzina la foda yanu osaoneka, vuto lili m'makonzedwe a VirtualBox ku host. Lachiwiri limaonetsa mafoda omwe amangiriridwa kale ndi malo awo (kumangirira, kapena kuti mount, ndi kulumikiza foda pa malo ena mu Ubuntu kuti izioneka pamenepo). Lachitatu limatchula magulu omwe inu muli, ndipo dzina lofunika kulipeza pamenepo ndi vboxsf.

Lamulo lachiwirilo musalidumphe. Foda ya /media/sf_ntchito ikhoza kuoneka mu Ubuntu, n'kutseguka, koma ili yopanda kanthu. Izi sizitanthauza kuti mafayilo anu afufutika. Imeneyo ndi foda wamba ya mkati mwa Ubuntu yomwe inatsala pamalopo, ndipo foda ya Windows sinamangiriridwe pamwamba pake. Choopsa n'chakuti mukasunga zinthu m'menemo zimakhala mu disiki ya guest, ku Windows sizifika, ndipo tsiku lomwe kumangirira kudzatheke zidzabisika pansi pa foda yeniyeniyo.

Makonzedwe a ku host

Mu VirtualBox sankhani makina a guest, pitani ku Settings, kenako Shared Folders. Pali mitundu iwiri: Machine Folders, omwe amakhalapo nthawi zonse, ndi Transient Folders, omwe amasowa makina akangozimitsidwa. Ngati munawonjezera foda makina ali oyaka ndipo simunachonge Make Permanent, foda yanu inalowa m'gulu lachiwirilo. Ichi ndiye chifukwa chofala cha dandaulo loti dzulo imagwira, lero yasowa.

Folder Path ndi malo a foda pa Windows, pomwe Folder Name ndi dzina lomwe guest izigwiritsa ntchito. Dzinali likhale lalifupi, la zilembo zing'onozing'ono, lopanda mpata pakati. Ngati foda ili pa fulashi kapena disiki yakunja, onetsetsani kuti chilembo chake sichinasinthe: Windows ikhoza kupereka E: lero, mawa F:, koma VirtualBox imasungabe njira yakale ija. Onaninso kabokosi ka Read-only. Kakachongedwa, palibe chomwe mungachite mkati mwa Ubuntu kuti mulembe m'fodamo, ngakhale mutagwiritsa ntchito sudo.

Amene akufuna kuchita izi ndi lamulo, VBoxManage imapezeka mu C:\Program Files\Oracle\VirtualBox. Makina ali ozima:

VBoxManage sharedfolder add "Ubuntu" --name ntchito --hostpath "D:\ntchito" --automount

Guest Additions: apa ndi pomwe zambiri zimafera

Foda yogawana siyenda pa netiweki. Imadutsa pa njira yapadera pakati pa VirtualBox ndi ma module (tizigawo towonjezera) awiri a kernel (phata la Linux) ya guest, vboxguest ndi vboxsf. Kumangirira kochitika kokha makina akayaka ndi ntchito ya pulogalamu yotchedwa VBoxService. Yesani zonsezi motere:

sudo modprobe vboxsf
pgrep -a VBoxService

Lamulo loyamba likangobwerera osanena kanthu, dalaiva ilipo ndipo yalowa. Likanena kuti "Module vboxsf not found", dalaiva ya kernel yomwe ikugwira panopa kulibe. Kuyambira pa 5.6 kernel ya Linux imabwera ndi vboxsf yakeyake, n'chifukwa chake mungapeze kuti modprobe yatheka koma foda osaoneka. Zikatero chosowa ndi VBoxService pamodzi ndi gulu la vboxsf, zomwe sizibwera ndi kernel.

Njira zoikira zilipo ziwiri. Yachidule ndi phukusi la Ubuntu:

sudo apt update
sudo apt install virtualbox-guest-utils

Ina ndi CD ya Oracle, kampani yopanga VirtualBox, yomwe imafanana ndendende ndi VirtualBox yomwe muli nayo. Pa Windows CD imeneyi imabwera kale ndi VirtualBox, sifuna kukopera pa intaneti, koma zipangizo zomangira ma module zimafuna intaneti:

sudo apt install build-essential dkms bzip2 linux-headers-$(uname -r)

Zikalowa, pa mndandanda wa pamwamba pa windo ya makinawo sankhani Devices, kenako Insert Guest Additions CD image. Pa Ubuntu ya desktop CD imaoneka mu /media/dzina-lanu/ ndi dzina loyamba ndi VBox_GAs, ndipo fayilo yoti muyendetse m'menemo ndi VBoxLinuxAdditions.run. Pa Ubuntu Server muyenera kuimangirira nokha:

sudo mount /dev/cdrom /mnt
sudo sh /mnt/VBoxLinuxAdditions.run
sudo reboot

Werengani mizere yomaliza yomwe pulogalamuyo yalemba musanazimitse. Imatha kufika kumapeto ngati zonse zayenda, chonsecho pakati yanena kuti makinawa sanakonzekere kumanga ma module a kernel ndipo muike gcc, make ndi perl. Tsatanetsatane wa cholakwikacho amalembedwa mu /var/log/vboxadd-setup.log. Pa Ubuntu 22.04 yomwe yalandira kernel ya 6.5 kapena 6.8, kawirikawiri chosowa ndi gcc-12, chifukwa kernelyo inamangidwa ndi gcc imeneyo pomwe build-essential imabweretsa gcc-11. Ikani ndi sudo apt install gcc-12, kenako mangani ma module aja kachiwiri:

sudo /sbin/rcvboxadd setup

Lamulo lomweli ndi lomwe mumayesa foda ikasiya kugwira mutangochita apt upgrade. Kernel yatsopano yalowa, ma module anamangidwira yakale.

Musasakanize njira ziwirizi. Phukusi la Ubuntu ndi CD ya Oracle zimaika mafayilo a mayina ofanana, ndipo zikakhala zonse pamodzi zimavuta kudziwa kuti ikugwira ndi iti. Ya Oracle imachotsedwa ndi uninstall.sh yomwe ili mu foda ya /opt yoyamba ndi VBoxGuestAdditions, ya Ubuntu imachotsedwa ndi apt purge. Chotsani imodzi, zimitsani ndi kuyatsanso, kenako pitirizani.

Modprobe ikayankha kuti "Key was rejected by service", chatchinga ndi Secure Boot. Kernel ikukana module yosasainidwa ndi kiyi yomwe imaidziwa. Tsimikizani ndi mokutil --sb-state. Pa makina ophunzirira, chophweka ndi kuzimitsa makinawo n'kuchotsa chongo pa Secure Boot mu Settings, System.

"Permission denied" ndi gulu la vboxsf

Foda yomangiriridwa yokha imaikidwa pa /media/sf_ntchito, mwini wake ndi root (woyang'anira wamkulu pa Linux), gulu lake ndi vboxsf, ndipo yemwe sali m'gululo saloledwa ngakhale kusuzumiramo. Lowani m'gululo:

sudo usermod -aG vboxsf $USER

Samalani ndi chilembo a chimenecho. Mukalemba -G yokha, lamuloli limakuchotsani m'magulu ena onse, kuphatikizapo sudo, n'kukusiyani mu vboxsf mokha. Mukatero mwadzitsekera kunja kwa makina anu omwe, ndipo kukonza kumafuna kulowa ngati root.

Kusinthaku sikugwira nthawi yomweyo. Magulu amawerengedwa munthu akamalowa, choncho kutseka Terminal n'kutsegula ina sikuthandiza. Zimitsani ndi kuyatsanso guest, kenako lembani id kuti muone ngati vboxsf yaoneka. Ikaoneka, yesani kulemba:

touch /media/sf_ntchito/mayeso.txt

Kafayilo kameneka kayenera kupezeka mu D:\ntchito nthawi yomweyo.

Ena amatsekeka pa sudo yeniyeniyo, ikunena kuti dzina lawo "is not in the sudoers file". Izi zimachitika pa Ubuntu 22.04 yomwe inaikidwa ndi Unattended Installation ya VirtualBox 7.0, yomwe sinkaika munthu m'gulu la sudo. Lembani su - n'kupereka mawu achinsinsi omwe munalemba poika Ubuntu, kenako usermod -aG sudo,vboxsf dzina-lanu, ndipo muyatsenso makinawo.

Kumbukirani kuti chilolezo ndi cha munthu aliyense payekha. Apache ndi nginx pa Ubuntu zimagwira ntchito ngati www-data, choncho tsamba lomwe lili m'foda yogawana lidzapereka 403 ngakhale inuyo mukulitsegula bwinobwino. Ikani www-data m'gulu la vboxsf ndi usermod yomweyo n'kuyambitsanso seva. Mapulogalamu oikidwa ndi snap ali ndi mpanda wawo wina: kuti aone /media ndi /mnt amafuna chilolezo cha removable-media. Onani ndi snap connections dzina-la-pulogalamu, ndipo ngati sichinalumikizidwe gwiritsani ntchito sudo snap connect dzina-la-pulogalamu:removable-media.

Kumangirira ndi manja

Kumangirira kochitika kokha sikunena chifukwa kukalephera. Kwa manja kumanena, n'chifukwa chake ndi njira yabwino yofufuzira:

sudo mkdir -p /mnt/ntchito
sudo mount -t vboxsf -o uid=1000,gid=1000 ntchito /mnt/ntchito

Nambala 1000 ndi ya munthu woyamba kupangidwa pa Ubuntu. Yanu ioneni ndi id -u ndi id -g. Ubwino wa njirayi ndi woti mafayilo amaoneka ngati anu, ndipo gulu la vboxsf silifunikanso. Mawu oti ntchito pakatipo ndi Folder Name, osati njira ya Windows. Kulemba D:\ntchito pamenepo sikungagwire.

Yankho loti "unknown filesystem type 'vboxsf'" kapena "No such device" likuloza ku dalaiva, bwererani ku Guest Additions. Loti "Protocol error" kapena "No such file or directory", pamene /mnt/ntchito ilipo ndithu, nthawi zambiri limatanthauza kuti dzina lomwe mwalemba silikufanana ndi lomwe lili mu VirtualBox, kapena foda ya ku Windows yasuntha. Koperani dzinalo kuchoka pa zomwe VBoxControl sharedfolder list yaonetsa, osalilemba pamtima.

Zikatheka ndipo mukufuna kuti zizichitika makina akayaka, onjezerani mzere uwu mu /etc/fstab:

ntchito /mnt/ntchito vboxsf defaults,uid=1000,gid=1000,nofail 0 0

Mawu oti nofail ndi ofunika kwambiri. Popanda iwo, tsiku lomwe foda idzasowe kapena module idzalephere, Ubuntu imaima pa emergency mode osafika pa desktop. Musanazimitse, yesani mzerewo ndi sudo umount /mnt/ntchito, sudo systemctl daemon-reload, kenako sudo mount -a. Chotsaninso chongo pa Auto-mount mu VirtualBox kuti foda imodzi isamangiriridwe malo awiri.

Foda ikutseguka koma kulemba kukukanika

Mukatsimikiza kuti Read-only sinachongedwe ndipo muli m'gulu loyenera, yang'anani ku Windows. VirtualBox imalemba mafayilo ndi chilolezo cha munthu amene waitsegula pa Windows, choncho komwe iyeyo sangalembe, monga mu C:\Program Files, guest nayonso singalembe. Mu Windows Security, pansi pa Ransomware protection, muli Controlled folder access. Ikayatsidwa imaletsa mapulogalamu omwe siikuwadalira kusintha zinthu mu Documents, Pictures ndi mafoda ena otetezedwa. Mukhoza kulola VirtualBoxVM.exe pamenepo, koma chanzeru ndi kugawana foda yapayokha ngati D:\ntchito. Foda ya OneDrive ipeweni: mafayilo ena m'menemo ndi mayina chabe omwe zenizeni zake zili pa intaneti, ndipo OneDrive imagwira fayilo ikamaitumiza. Host ikakhala Mac, chilolezo chofanana chili mu Privacy & Security, pa Files and Folders.

Uthenga woti "Text file busy" umabwera fayilo ikakhala yotsegulidwa kwina. Windows silola kusintha dzina kapena kufufuta fayilo yomwe pulogalamu ina yaigwira, monga Word, Excel kapena antivirus, pomwe Linux imalola. Tsekani fayiloyo ku Windows n'kuyesanso.

Zomwe foda yogawana singachite

Pali mavuto ena omwe si kuwonongeka ayi, koma kusiyana kwa NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) ndi Linux. Fayiloyo ikusungidwa ndi Windows, motero malamulo ndi a Windows.

Chmod ndi chown sizisintha chilolezo monga zichitira pa ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Ubuntu. Ngati mukufuna chilolezo china, chiikeni pomangirira ndi dmode ndi fmode, mwachitsanzo dmode=755,fmode=644. Chifukwa cha zomwezi Git ikhoza kuonetsa mafayilo onse ngati asinthidwa; git config core.fileMode false imathetsa zimenezo. Kiyi ya SSH (njira yolowera mu kompyuta ina kudzera pa netiweki) musaisunge m'foda yogawana, chifukwa ssh imakana kiyi yomwe ena angathe kuiwerenga ndipo chmod 600 sikugwira m'menemo.

Mayina nawonso amapunthwitsa. Windows imaona Makalata.txt ndi makalata.txt ngati fayilo imodzi, Linux imaona awiri. Zizindikiro monga : ? * ndi mayina monga CON, AUX ndi NUL siziloledwa pa Windows, choncho kumasula fayilo ya tar yochoka ku Linux m'fodamo kukhoza kulephera pakati. Script yolembedwa pa Windows ikakana ndi uthenga wa "bad interpreter" wokhala ndi ^M, vuto ndi mathero a mizere, ndipo dos2unix imakonza.

Nkhani yaikulu kwa olemba mapulogalamu ndi symlink, kafayilo kongoloza ku fayilo kapena foda ina. VirtualBox mwadala silola guest kupanga symlink m'foda yogawana, poopa kuti guest ingaloze ku mafayilo a host omwe ali kunja kwa fodayo. Pachifukwa ichi npm install ndi python3 -m venv zimalephera ndi mauthenga ngati "Operation not permitted", "Read-only file system" kapena "Protocol error". Kutsegula kwake kumachitikira ku host, makina ali ozima:

VBoxManage setextradata "Ubuntu" VBoxInternal2/SharedFoldersEnableSymlinksCreate/ntchito 1

Pa Windows izi pazokha sizikwanira, chifukwa munthu wamba alibe ufulu wopanga symlink. VirtualBox iyenera kutsegulidwa ndi Run as administrator kapena munthuyo apatsidwe ufuluwo. Kupatsa VirtualBox mphamvu zonsezo chifukwa cha node_modules, foda yomwe npm install imapanga, si koyenera. Njira yabwino ndi kusunga fodayo pa disiki ya Ubuntu n'kuimangirira pamalo pake:

mkdir -p ~/nm-pulojekiti /mnt/ntchito/pulojekiti/node_modules
sudo mount --bind ~/nm-pulojekiti /mnt/ntchito/pulojekiti/node_modules

Mukatero symlink zimatheka, ndipo npm imathamanga kwambiri, popeza vboxsf imachedwa ikamagwira timafayilo tambirimbiri. Venv ya Python ingopangani mu foda yanu ya home. Mafayilo a database, kaya MySQL, PostgreSQL kapena SQLite, asakhale m'foda yogawana: amadalira kutseka mafayilo ndi chilolezo zomwe vboxsf sizitsata mokwanira, ndipo chomwe chili pachiswe apa ndi deta yanu.

Mukasintha fayilo ku Windows, mapulogalamu a mu Ubuntu omwe amadikira chizindikiro cha inotify salandira kanthu, ndiye tsamba silidzitsitsimula lokha. Auzeni kuti azifunsa okha pafupipafupi: CHOKIDAR_USEPOLLING=true kwa zida zogwiritsa ntchito chokidar, kapena nodemon -L. Seva ikamapereka CSS kapena JavaScript yakale kapena yodukiza mutasintha, zimitsani sendfile: sendfile off; mu nginx, EnableSendfile Off mu Apache.

Guest ikakhala Windows

Ikani Guest Additions potsegula VBoxWindowsAdditions.exe pa CD ija, n'kuyatsanso makina. Auto-mount ikachongedwa, foda imapatsidwa chilembo chake kuyambira ku Z: kubwerera m'mbuyo. Ikapanda kuoneka, lembani \\VBOXSVR\ntchito pa mzere wa adiresi wa File Explorer, kapena mu Command Prompt:

net use X: \\vboxsvr\ntchito

Ngakhale ikuoneka ngati ya pa netiweki, fodayi sidalira kadi ya netiweki ya makinawo, choncho kusintha NAT kupita ku Bridged kapena kuzimitsa firewall n'kutaya nthawi. "System error 53" kapena "System error 67" zimaloza ku Guest Additions yosalowa bwino kapena dzina lolakwika. Pulogalamu yotsegulidwa ndi Run as administrator ikapanda kuona X: pomwe File Explorer ikuiona, chifukwa chake n'chakuti Windows imasunga zilembo zotere padera kwa munthu wamba ndi kwa administrator. Pamenepo gwiritsani ntchito njira yonse ya \\VBOXSVR\ntchito, kapena koperani fayiloyo ku C: musanaitsegule.

Kwa ogwiritsa ntchito VMware Workstation, mayina ndi ena koma kafufuzidwe n'komweko. Phukusi ndi open-vm-tools, vmware-hgfsclient imaonetsa mafoda omwe aperekedwa, ndipo kumangirira ndi sudo vmhgfs-fuse .host:/ /mnt/hgfs -o allow_other. Popanda allow_other, root yekha ndiye amaona zam'katimo.

Nthawi ikakutherani

Ngati chomwe mukufuna ndi kungosamutsa mafayilo lero, SSH sidalira Guest Additions. Ikani openssh-server mu Ubuntu. Mu Settings, Network, pa adapter ya NAT, tsegulani Port Forwarding n'kuika Host IP 127.0.0.1, Host Port 2222, Guest Port 22. Kenako mu PowerShell ya Windows:

scp -P 2222 D:\ntchito\lipoti.pdf dzina-lanu@127.0.0.1:/home/dzina-lanu/

P ameneyo ndi wamkulu. Wamng'ono pa scp amatanthauza zina. Kuti mutenge foda yonse kuchoka mu Ubuntu, onjezerani -r n'kutembenuza malo awiriwo, adiresi ya Ubuntu ikhale yoyamba ndipo D:\ntchito ikhale yomaliza.